Ngongole ya boma ya kukoleji: mwana asaine kapena ayi?

MalumeWaAna:
Abale, ndithandizeni nzeru. Mwana wa mlongo wanga wasankhidwa kupita kukoleji koma pakhomo palibe amene angakwanitse fizi. Iye akufuna afunsire ngongole ya boma ya ophunzira. Mayi ake akukanitsitsa, akuti sangalole mwana kuyamba moyo atasenza ngongole. Ine ndili pakati. Ngongole imeneyi imayenda bwanji kwenikweni? Ndalama amampatsa mwana m'manja kapena zimapita kusukulu? Chiwongoladzanja chimayamba liti? Nanga akamaliza n'kusowa ntchito, adzabwera kudzagwira ife? Amene munadutsamo, tiuzeni zoona zokhazokha.

Kamtedza:
Asaine basi. Malo akukoleji sadikira munthu.

Nthambi07:
Kusaina n'kosavuta a Kamtedza. Nkhani ili pa kubweza. Mayi akewo sakulakwa kuchita mantha.

Wowerengera:
Amalume, poyamba timvetse chifukwa chake boma limabwereketsa ndalama zimenezi. Mwana wa zaka 18 akapita kubanki, amufunsa chikole ndi umboni wa malipiro. Iye alibe nyumba, alibe ntchito, ndipo digiri imene akufunayo banki singailande n'kuigulitsa akalephera kubweza. N'chifukwa chake mabanki amazemba ophunzira, ndipo boma limalowererapo. Ngongole ya boma nthawi zambiri siifuna chikole, chiwongoladzanja chake chimakhala chotsika poyerekeza ndi cha kubanki, ndipo kubweza kumayamba munthu atachoka pasukulu.

Kayendedwe kake m'mayiko ambiri n'kofanana. Mwana amadzaza fomu yofotokoza mmene banja lake likupezera, chifukwa ndalamazi amayamba kupereka kwa ovutikitsitsa. Akavomerezedwa amasaina mgwirizano. Gawo la fizi limapita kusukulu mwachindunji, mwana saligwira n'komwe. Limene limafika kwa iye ndi lodyera, lolipirira pogona ndi logulira mabuku, ngati analipempha. Chinanso chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti kawirikawiri amafunsiranso chaka chilichonse. Kupatsidwa chaka choyamba sikutanthauza kuti zaka zonse zatheka.

Asanasaine, khalani naye pansi muwerengere limodzi mgwirizanowo. Mufufuzemo tsiku limene chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa, nthawi yopuma imene amapereka akamaliza sukulu, ndiponso ngati ndalama yobweza pamwezi imatengera malipiro ake kapena ndi yokhazikika kaya ali pantchito kaya ayi. Pamenepo ndi pamene pagona kusiyana kwa ngongole yopirika ndi yopweteka.

MayiWaAtatu:
A Wowerengera, zoti chiwongoladzanja chimayamba mwana adakali m'kalasi ndi zoona? Ine ndimayesa chimayamba akalandira digiri.

Wowerengera:
Zimatengera dziko ndi mtundu wa ngongoleyo mayi. Ina boma limakulipirirani chiwongoladzanja nthawi yonse muli pasukulu, ina chimayamba tsiku limene ndalama zatuluka. Tiyerekeze ndi manambala osavuta. Mwana akubwereka 1,000 chaka chilichonse kwa zaka 4, pa 10 peresenti pachaka, ndipo chikuwerengedwa kuyambira tsiku loyamba. Ya chaka choyamba ikhala zaka 4, ibala 400. Ya chaka chachiwiri ibala 300, yachitatu 200, yomaliza 100. Tsiku lovala gauni ali ndi ngongole ya 5,000 pomwe anabwereka 4,000.

Ndiye pali chinanso. Mabungwe ena akafika poyamba kutolera, amaphatikiza 1,000 wa chiwongoladzanja uja ku ngongole yeniyeni. Kuyambira pamenepo 10 peresenti akuiwerengera pa 5,000, ndiye kuti 500 pachaka m'malo mwa 400. Chiwongoladzanja chayamba kubala chinzake. Mawu amenewa amakhala m'timalemba ting'onoting'ono chakumapeto kwa mgwirizano, pamene mwana amakhala atatopa kuwerenga ndipo akungofuna posaina.

Tsokonombwe:
Ine zonsezi sindigwirizana nazo. Boma limatolera msonkho. Dokotala, mphunzitsi, injiniya, onsewa amadzatumikira dziko lomwelo. Bwanji mwana wa mlimi azilipira ndi chiwongoladzanja pofuna kudzathandiza dziko? Ku South Africa ophunzira anachita zionetsero zokana fizi zotchedwa FeesMustFall mu 2015, ndipo mu December 2017 a Jacob Zuma, amene anali pulezidenti nthawiyo, analengeza kuti ana ochokera m'mabanja opeza ndalama zosapitirira R350,000 pachaka aziphunzira ulere. Kuyambira 2018 thandizo la NSFAS, bungwe la boma lothandiza ophunzira, kwa ana amenewa linasanduka mphatso, osati ngongole. Ku Germany mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi, ndipo thandizo la boma kwa ophunzira lotchedwa BAföG theka lake ndi mphatso, theka linalo ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja, komanso pali malire akuti munthu sabweza zopitirira pafupifupi 10,000 euro. Zimatheka ngati atsogoleri afuna.

Mphunzitsi_Wakale:
A Tsokonombwe, mtima wanu ndaumva, koma taganizirani amene amalipira maphunziro aulerewo. Msonkho umachokera kwa aliyense, ngakhale mayi amene mwana wake sanafike ndi kusekondale komwe. Amene amafika kuyunivesite ndi ochepa, ndipo ambiri mwa iwo amadzapeza bwino kuposa anzawo amene sanafikeko. Kodi n'chilungamo kuti wosauka amene sanaphunzire azilipirira digiri ya munthu amene mawa adzakhale bwana wake, bwanayo osabwezako kalikonse? Ine ndimaona kuti amene wapindula abweze, malinga ngati akubweza molingana ndi mmene akupezera. Dziko la Germany lili ndi chuma choti lingasenze mtolo umenewo. Mayiko ambiri alibe, ndipo akayesa, mapeto ake amachepetsa chiwerengero cha ana olowa kukoleji.

Tsokonombwe:
Ndiye akhometse msonkho wokwera kwa opeza bwinowo, osati kuopseza mwana wa zaka 18 ndi mgwirizano wa masamba ambirimbiri.

Mphunzitsi_Wakale:
Pamenepo tayandikana. Zimene mukunenazo ndi zomwe anayesa kuchita ku Australia mu 1989 poyambitsa ngongole ya ophunzira yotchedwa HECS, imene katswiri wa zachuma Bruce Chapman anathandiza kukonza. Wophunzira salipira kanthu polowa. Akayamba kulandira malipiro opitirira mlingo woikika, bungwe lotolera msonkho limadula kagawo. Akapanda kufika pa mlingowo, sadulidwa. Akamwalira, yotsalayo imathera pomwepo. Ngongoleyo ilibe chiwongoladzanja chenicheni, amangoikweza chaka ndi chaka molingana ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Komabe ngakhale kumeneko anthu analira mu 2023 pamene inakwera ndi 7.1 peresenti chaka chimodzi, mpaka boma linasintha kawerengedwe kake.

Mlendo_ku_Leeds:
Ndiikirepo umboni wa ku England. Mwana wanga wamkazi anaphunzira ndi ngongole ya boma, imene imayendetsedwa ndi Student Loans Company. Pa pepala lake la malipiro, pansi pa mzere wa msonkho, pali kamzere kolembedwa Student Loan. Abwana amadula okha ndalamayo isanafike kwa iye. Lamulo lake ndi 9 peresenti ya ndalama zimene zapitirira mlingo, osati ya malipiro onse. Kwa amene anayamba sukulu kuyambira August 2023, mlingowo unaikidwa pa £25,000 pachaka. Ndiye wolandira £28,000 amadulidwa 9 peresenti ya £3,000, yomwe ndi £270 pachaka, kapena kuti £22.50 pamwezi. Ntchito ikatha, kudulako kumaima, palibe wobwera kudzagogoda pakhomo. Amene anayamba pakati pa 2012 ndi 2023 yotsala imafufutidwa pakatha zaka 30, a pambuyo pawo pakatha zaka 40.

Chimene chimamuwawa mwana wanga n'chakuti akatsegula akaunti yake amapeza nambala yakwera m'malo motsika, chifukwa chiwongoladzanja chikuposa zimene akudulidwa. Ndimamuuza kuti asamayang'ane nambala yaikuluyo, aziyang'ana imene ikuchoka pamwezi, pakuti ndi yokhayo imene ikukhudza moyo wake. Koma kunena zoona, mtima wa munthu sukhazikika akamaona ngongole ikukula pa dzina lake.

Nthambi07:
Zaka 40? Ndiye kuti munthu afika pokhala ndi zidzukulu akudulidwabe.

Mlendo_ku_Leeds:
Inde, kwa ena zikhala choncho. N'chifukwa chake kuno ambiri amaitenga ngati msonkho wa anthu ophunzira.

Wosamaliza:
Amalume, ine ndilankhula za chinthu chimene palibe wachitchula. Ngongole yowawa kwambiri ndi ya munthu amene sanamalize sukulu. Ine ndinatenga ngongole ya fizi ndi ya upkeep, ndalama zodyera ndi zolipirira pogona. Chaka chachiwiri ndalama za upkeep zinachedwa kutuluka. Mwini nyumba ankafuna zake, mimba nayo inkafuna zake. Ndinalowa kwa akatapila ndi chiyembekezo choti zikatuluka ndibweza. Zitatuluka, zonse zinathera komweko. Ndinayamba kugwira maganyu usiku, m'kalasi n'kumangosinza, mayeso osakhoza, mapeto ake ndinachotsedwa sukulu. Ndinanyamula katundu wanga m'chikwama chimodzi, mabuku ena ndinasiyira mnzanga wa m'chipinda chifukwa sindinafune kuwaonanso.

Digiri ndilibe koma ngongole ilipo, ndipo ili pa dzina langa. Bungwe lobwereketsa silifunsa ngati unavala gauni. Ndiye musamangowerengera fizi yokha. Werengerani ngati mwanayo adzatha kudya, kugona ndi kuyenda mpaka chaka chomaliza, ndipo abale mugwirizane amene adzamugwire dzanja mwezi umene ndalama zachedwa. Mukatero asaine. Ndikanakhala ndi munthu wotero chaka chimene chija, bwenzi lero ndikulemba zina.

MayiWaAtatu:
Pepani mwanawe. Zandikhudza kwambiri. Kodi palibe mwayi wobwereranso?

Wosamaliza:
Zikomo mayi. Ndikuphunzira pang'onopang'ono kumapeto kwa sabata ndi ndalama zanga. Ndifika.

Kadziwotche:
Vuto lina ndi maphunziro amene ana akusankha. Ukabwereka ndalama uphunzire zinthu zokhala ndi msika. Unamwino, uinjiniya, zamakompyuta. Osati kubwereka kuti ukaphunzire mbiri yakale kenako uzidzalira kuti ntchito kulibe.

Dzuwa_Lawala:
A Kadziwotche, amene anakuphunzitsani kulemba zimene mwalembazi anaphunzira chiyani? Ndipo ndikudziwa anyamata a uinjiniya amene akhala zaka akuponya makalata ofunsira ntchito. Msika umasintha mwana asanamalize n'komwe.

Kadziwotche:
Sindikunyoza aphunzitsi achemwali. Ndikunena kuti wobwereka ayenera kufunsa kuti anzake amene anamaliza maphunziro omwewo ali kuti lero. Funso limenelo silinyoza munthu.

Dzuwa_Lawala:
Funsolo ndi labwino, koma mufunsenso ngati mwanayo akuwakonda maphunzirowo. Womukakamiza kuchita zimene mutu wake sukugwira ndi amene amadzathera panjira, ndiye tabwereranso pa nkhani ya a Wosamaliza.

Kamtedza:
Nanga za ana a anthu olemera amene amalemba pafomu kuti ndi amasiye bwanji simukuzinena? Wina bambo ake ali ndi magalimoto koma ngongole wapata, mwana wa wosauka weniweni dzina lake osatuluka.

Mphunzitsi_Wakale:
Zimenezo zimachitika ndipo ndi kuba. Kuyeza umphawi wa banja n'kovuta kumene anthu ambiri salandira malipiro olembedwa, ndiye bungwe limadalira makalata ndi zidindo zimene munthu wochenjera amatha kuzipeza. Koma pali kuba kwina kumene ife akuluakulu sitikonda kukutchula. Thumba la ngongolezi analikonza kuti lizizungulira, wakale akabweza, watsopano abwereke. Tilipo ambiri amene tinaphunzira ndi ndalama za boma, lero tili pabwino, koma sitinabwezepo ngakhale kamodzi. Tsono mwana wa lero akakanidwa timatukwana boma, kuiwala kuti ndalama yake ili m'matumba mwathu. Ndipo ngakhale wobweza mochedwa amabweza ndalama yoti inatha mphamvu. Imene inalipira chaka chathunthu cha sukulu zaka 30 zapitazo lero singagule ndi buku limodzi lomwe.

N'chifukwa chake mayiko anakhazikitsa mabungwe apadera okhala ndi mphamvu zotolera. Ku Kenya HELB inayamba mu 1995, ku Tanzania kuli HESLB, ku Malawi HESLGB inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ku Zambia HELSB ndi lamulo la 2016. Onsewa amadalira kwambiri olemba ntchito kuti azidula pa malipiro. Ku Tanzania amadula 15 peresenti. Njira imeneyi imagwira bwino munthu wa pa ofesi, koma wochita bizinesi yake kapena wopita kunja savuta kusowa. Ku New Zealand anaganiza zina: ngongole ilibe chiwongoladzanja ukamakhala m'dzikomo, koma ukasamukira kunja chimayamba kuwerengedwa.

Nthambi07:
Aphunzitsi, ena sabweza chifukwa alibe, osati chifukwa chokana.

Mphunzitsi_Wakale:
Amenewo sindikuwanena. Wopanda ntchito apite akadziwitse bungwe, alembetse kuti sakupeza kanthu. Ndikunena za ife amene tili nazo.

MalumeWaAna:
Zikomo nonse, ndikutsatira. Koma funso langa lija silinayankhidwe bwino. Akalephera kubweza, ife abale tikhudzidwa?

Wowerengera:
Yankho lili pa chimene inuyo musaine amalume. Kusaina ngati kholo lotsimikizira kuti zimene mwana walemba za banja ndi zoona n'kosiyana ndi kusaina ngati womuimira pa ngongole. Mukasaina ngati womuimira, mwavomera kuti iye akasowa kapena akakana, bungwe likhoza kutembenukira kwa inu. Ku Kenya, mwachitsanzo, wofunsira ngongole amayenera kupereka anthu omuimira. Kwina safuna womuimira aliyense, ngongole imakhala ya mwana yekha. Ndiye pamene pali mzere wa dzina lanu, werengani mawu amene ali pamwamba pake musanagwire cholembera. Funsaninso zimene zimachitika wobwereka akamwalira kapena akalumala moti sangagwire ntchito. Ku England ndi ku United States ngongole ya boma imafufutidwa wobwereka akamwalira, koma musaganize kuti n'chimodzimodzi paliponse.

Wa_ku_Ohio:
Ndafika mochedwa koma ndinenepo za kuno, chifukwa anthu akamva za ngongole za ophunzira zoopsa nthawi zambiri amakhala akumva za ku America. N'zoona kuti ndi zambiri. Anthu opitirira 40 miliyoni ali ndi ngongole za boma zopitirira $1.6 trillion. Koma mkati mwake muli kusiyana kumene kungathandize aliyense.

Chilichonse chimayambira pa fomu yotchedwa FAFSA, imene umadzaza chaka chilichonse. Kuchokera pamenepo sukulu imakuuza thandizo limene ungalandire. Pali mphatso monga Pell Grant imene subweza. Pali ngongole ya Direct Subsidized, ya ophunzira digiri yoyamba ochokera m'mabanja osowa, imene boma limalipira chiwongoladzanja uli pasukulu komanso miyezi 6 utachoka. Pali ya Direct Unsubsidized imene chiwongoladzanja chimayamba tsiku limene ndalama zatuluka, monga mmene a Wowerengera anawerengera muja. Wophunzira wa chaka choyamba amene akudalira makolo sangabwereke zopitirira $5,500, ndipo mwa zimenezo zosapitirira $3,500 ndi zimene zingakhale za mtundu woyamba uja. Ndalama zimapita kusukulu, zotsala ndi zimene amakupatsa.

Malire amenewa ndi amene amakankhira mabanja ku ngongole za mabanki, ndipo kumeneko ndi kumene anthu amapsa. Za mabanki zimafuna womuimira, ndipo sizikhala ndi chifundo chimene za boma zili nacho, monga kubweza molingana ndi malipiro. Za boma zilinso ndi mwayi wakuti wogwira ntchito m'boma kapena m'mabungwe osapanga phindu akalipira miyezi 120, yotsala imakhululukidwa, pansi pa lamulo la 2007. Komabe musaiyese yofewa. Ukakhala masiku 270 osalipira amakuika m'gulu la olephera kubweza, ndipo boma lili ndi mphamvu yodula mpaka 15 peresenti ya malipiro ako popanda kupita kukhoti, komanso kugwira ndalama za msonkho zimene ukanabwezeredwa. Ngakhale kukalengeza kukhoti kuti chuma chako chagwa sikuichotsa mosavuta.

Tsokonombwe:
Suja tinamva kuti a Biden ali pulezidenti wa America anakhululukira anthu ngongole?

Wa_ku_Ohio:
Anayesa. Dongosolo lawo lalikulu lofufuta mpaka $10,000, kapena $20,000 kwa amene analandirapo Pell Grant, khoti lalikulu linalikana mu June 2023. Chimene chinachitikadi n'chakuti kubweza kunaimitsidwa kuyambira March 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, n'kudzayambiranso chakumapeto kwa 2023. Alipo amene anabwereka mosasamala poganiza kuti andale adzawakhululukira. Ine ndimauza ana anga kuti abwereke ngati kuti chikhululuko sichidzabwera, ndipo asatenge ndalama zonse zimene apatsidwa ngati sakuzifuna zonse. Ukhoza kuvomera gawo lokha.

MayiWaAtatu:
Zoti ukhoza kutenga gawo lokha zandithandiza. Wanga wachiwiri azikhala kwa azakhali ake, ndiye za pogona sitifunsira.

Nthambi07:
Nanga munthu akapeza ndalama, ndi bwino kubweza yonse msanga?

Wowerengera:
Ngati ngongoleyo ili ndi chiwongoladzanja chenicheni ndipo sidzafufutidwa, inde, kubweza msanga kumakupulumutsani ndalama zambiri, bola mufunse ngati palibe chilango cha kubweza nthawi isanakwane. Koma ngati ndi ya mtundu wa ku England, ndipo malipiro anu ndi ochepa moti simudzaimaliza zaka zofufutira zisanakwane, ndalama yowonjezera imene mwaponyamo simudzaionanso phindu lake. Komanso ngati muli ndi ngongole ina ya chiwongoladzanja chokwera, yambani ndi imeneyo.

Mlembi_wa_Malipiro:
Ine ntchito yanga ndi yokonza malipiro a antchito, ndiye ndiwonjezere za mbali imene ophunzira saiona. Kudulidwa pa malipiro sikutanthauza kuti ndalama yafika ku bungwe la ngongole. Pamalo ena pamene ndinagwirapo ntchito, tinkadula mwezi ndi mwezi, mzere n'kumaoneka bwinobwino pa pepala la malipiro, koma akuluakulu ankachedwetsa kutumiza ndalamazo chifukwa kampani inali pamavuto. Mnyamata wina anapita kukatenga kalata yosonyeza kuti wamaliza kubweza, n'kukapeza kuti kaundula akusonyeza miyezi yambiri yopanda kanthu, chilango chili pamwamba. Chinamupulumutsa n'chakuti ankasunga mapepala ake onse a malipiro mu envelopu, mwezi ndi mwezi mwadongosolo. Anawayala patebulo, ndipo mlandu unachoka pa iye n'kupita kwa olemba ntchito.

Ndiye mwana akayamba ntchito awauze abwana ake kuti ali ndi ngongole ya sukulu, asadikire kuti amupeze. Azipempha sitetimenti ku bungwelo kamodzi pachaka n'kuifananitsa ndi zimene wadulidwa. Akasintha ntchito, nambala ya foni kapena malo okhala, awadziwitse, chifukwa kalata imene sinamupeze siimitsa chiwongoladzanja. Ndipo kope la mgwirizano umene asaine chaka chinowo alijambule, lina musunge inuyo amalume.